Mwalemba Dzina la Mulungu Pakhoma, Tiyeni Tione Sikelo

Basi isanatuluke n'komwe pa Wenela, mlaliki amakhala atakwera kale. Baibulo lakutha m'mbali, jekete yoti yaona dzuwa la zaka zambiri, mawu osasa ngati munthu amene wachezera kuimba pamaliro. Amaima pakati pa mipando, dzanja limodzi litagwira chitsulo cha pamwamba, n'kupempha kuti titseke maso atiperekeze ndi pemphero. Pofika pa Lunzu uthenga wapsa, pa Lirangwe akuitana ofuna kulapa, ndipo pa Zalewa amatsika ndi tindalama timene apaulendo amuponyera, kukadikira basi yobwerera ku Blantyre.

Ulendo wina ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wa taye, laputopu ili pamiyendo. Mlaliki atangotsegula pakamwa, bamboyo anayamba kung'ung'udza. "Achimwene, zimenezi ndi zimene zikutibweza m'mbuyo dziko lino. Kupemphera ndi nkhani ya munthu ndi Mulungu wake. Bwanji osapita nazo kutchalitchi kwawo?" Sindinawayankhe, chifukwa si nzeru kuyambana ndi munthu amene mukhala naye mpando umodzi mpaka ku Lilongwe. Sindigwirizana nawo, ndipo ndiwabwerera. Koma amene ndikufuna kuyamba kukokana nawo ndi ena: abusa ndi alaliki amene sabata ndi sabata amatikalipira pagome kuti Akhristu a masiku ano tikuchita manyazi ndi Yesu, tikubisa chikhulupiriro, tikuopa dziko.

Manyazi ake ati? Kuopa ndani?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse m'dziko muno, 77 ndi Akhristu ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu. Nyimbo ya fuko lathu, imene anapeka Michael Sauka, imayamba ndi pemphero. Nyumba ya Malamulo imatsegula zokambirana ndi pemphero, komiti ya mjigo nayonso siwerenga ndalama za m'thumba isanapemphere, ndipo anyamata a mpira amagwada pabwalo oimbira asanaimbe wezulo. Ana athu ndi a Madalitso, Chisomo, Yamikani, Pemphero. Mu 2020 tinasankha Lazarus Chakwera kukhala mtsogoleri wa dziko, munthu amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kwa zaka zoposa 20 asanalowe ndale. Imani pa depoti iliyonse muwerenge zolembedwa pa magalasi a minibasi, pa madigadi a njinga za kabaza, pa makoma a magolosale ndi masaluni. Mukhoza kuphunzira mavesi ambiri pa siteji kuposa ku Sande sukulu.

Kunena kuti ndiwe Mkhristu ku Malawi lero sikukutayitsa kalikonse. Kumakupatsa. Wofuna mavoti amafika ndi matumba a simenti pa tsiku la zopereka za chitukuko cha tchalitchi. Wofuna mkazi amayamba kuimba kwaya. Wofuna ngongole amayamba ndi mawu akuti "m'bale mwa Ambuye". Amene amafunika kulimba mtima m'dziko muno ndi munthu amene anganene pamaliro kuti iye sapemphera. Choncho tisamadzinamize kuti kumata vesi pagalasi ndi kunyamula mtanda. Ndi chikwangwani cha malonda, ndipo ine ndinachiona chikugwira ntchito yake ndi maso angawa.

Azakhali anga amalima soya kumudzi. Chaka china nditapita kukawaona nthawi yokolola, tinakweza matumba asanu pangolo kupita nawo pa kamsika kena ka m'mbali mwa msewu kumene mavenda amapachika masikelo awo pa mitengo itatu. Matumbawo tinali titayeza kale pa sikelo ya kalabu ya alimi, lililonse makilogalamu 50. Mavenda analipo angapo, koma azakhali analunjika kwa mmodzi amene anali pakhonde la sitolo yopakidwa bwino, pakhoma palembedwa vesi ya m'Masalimo ndi zilembo zazikulu zofiira, wayilesi ikuimba nyimbo za kwaya. "Tiyeni kwa awa," anatero, "ndi anthu opemphera."

Thumba loyamba litakoloweka, muvi unaima pa 45. Lachiwiri, 45. Lachitatu chimodzimodzi.

"Bambo, sikelo yanuyi ili bwinobwino?" anafunsa azakhali mwaulemu.

Venda uja anaika dzanja pachifuwa. "Mayi, ine ndine mwana wa Mulungu. Simukuona zalembedwa apazi? Ine ndingakubereni inuyo, mayi anga?"

Azakhali anazyolika ngati agwidwa akutukwana m'tchalitchi. "Pepani bambo, pepani. Mwina soyayu wauma panjira."

Panjira pake ndi ulendo wosakwana ola limodzi pa ngolo ya ng'ombe. Ine mtima unandiwawa. Panali mtsikana wina akuchokera kumjigo ndi chigubu cha malita 20 chodzaza, ndipo aliyense amene anafikako ku Fomu 1 amadziwa kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndinabwereka chigubucho, kuchimanga chingwe, kuchikoloweka. Muvi unakakamira pa 18. Anthu anayamba kusonkhana. Venda uja anayang'ana sikelo yake ngati akuiona koyamba, n'kunena kuti mwina sipuling'i yatopa. Kenako anatembenukira kwa ine, nkhope ili gwa: "Koma achimwene, Baibulo limati tisaweruze."

Makilogalamu asanu pa thumba lililonse, matumba asanu, ndiye kuti theka la thumba likanapita laulere. Werengani alimi amene amafika pakhonde limenelo pa tsiku, muwerengenso masiku a nyengo yonse yogula. Koma chimene chimandisowetsa tulo mpaka lero si makilogalamuwo ayi. Ndi nkhope ya azakhali pamene ankapepesa. Vesi ya pakhoma ija inagwira ntchito ziwiri: inawakoka kuti asiye mavenda ena onse abwere pamenepo, kenako inawatseka pakamwa atayamba kukayika. Kufunsa sikelo kunasanduka ngati kufunsa Mulungu. Venda wopanda vesi akakubera umamulalatira mpaka msika wonse kumva. Uyu amakubera, iwe n'kupepesa.

Mwaonapo mavesi amene timasankha kulemba pamakoma? Masalimo 23, Yeremiya 29:11, Afilipi 4:13, Yesaya 54:17. Onsewo ndi mavesi amene Mulungu akundilonjeza ine kanthu: andidyetsa, anditeteza, adani anga alephera. Ndayenda misika yambiri, koma sindinaonepo golosale imene yalemba Deuteronomo 25, pamene chilamulo chimaletsa munthu kusunga m'thumba mwake miyala iwiri yoyezera, waukulu wogulira ndi waung'ono wogulitsira. Sindinaonepo Miyambo 11:1, pamene sikelo yonyenga imatchedwa chinthu chonyansa kwa Mulungu. Sindinaonepo Amosi 8, pamene mneneri amadzudzula amalonda amene amaona kuchedwa kuti Sabata lithe kuti akachepetse muyezo ndi kugulitsa tirigu wosakaniza ndi zinyalala. Amosi akanafika pa msika wa kwathu akanazindikira msanga chigoba chotiwizidwa pansi ndi mulu wa tomato wobisa zoola m'kati. Mavesi amenewa ali m'Buku Lopatulika lomwelo limene takhala nalo m'Chichewa kuyambira 1922. Si kuti sitinawapeze. Tinawadumpha.

Ku Sande sukulu anatiphunzitsa kuti lamulo loletsa kutchula dzina la Mulungu pachabe likunena za mwana wolumbira kuti "pali Mulungu" pokana kuti sanabe shuga. Ine ndikuganiza kuti mwanayo mlandu wake ndi wochepa. Wamkulu amene wapachika dzinalo pamwamba pa sikelo yakuba ndiye walitchula pachabe, ndipo walitchula ndi penti yosafufutika ndi mvula.

Sikelo zina sizipachikidwa pamtengo. Mu September 2013, Paul Mphwiyo, yemwe ankayang'anira bajeti ya boma, anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Lilongwe, ndipo m'masabata otsatira dziko linayamba kumva za ndalama zopezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Akatswiri a Baker Tilly atafufuza anapeza kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo la bajeti, ndipo amene analipira ndi odwala ouzidwa kuti akagule okha mankhwala. Tsopano bwererani ku kalembera uja. M'dziko limene anthu asanu ndi anayi mwa khumi alionse amapita kutchalitchi kapena kumzikiti, macheke aja sanasainidwe ndi anthu oitanitsidwa kunja. Amene analemba, amene anadinda, amene anaona n'kuyang'ana kumbali, ambiri mwa iwo ndi ife tomwe, a mapemphero a m'mawa a muofesi ndi a felosipi ya nthawi ya nkhomaliro.

N'chifukwa chake ndimaseka ndikamva ena akuti mankhwala ake n'kulengeza kuti Malawi ndi dziko la Chikhristu. Anzathu a ku Zambia anayesa. Frederick Chiluba analengeza zimenezo pa 29 December 1991, ndipo mu 1996 zinalowa m'mawu oyamba a malamulo a dzikolo. Mu 2007 khoti la ku London linagamula kuti iye ndi anzake anasokoneza ndalama za boma zokwana madola 46 miliyoni, ngakhale khoti la ku Lusaka linadzamupeza wosalakwa pa mlandu wakuba mu 2009. Kulengeza dziko lonse ndi vesi ya pakhoma yomwe ija, kungoti khoma lake n'lalikulu.

Komatu inalipo nthawi m'dziko lomwe lino pamene kuonetsa chikhulupiriro poyera kunali ndi mtengo, ndipo amene ali ndi zaka zoposa 45 akuikumbukira. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Siinatchule dzina la Kamuzu monyoza, siinaitane anthu kuti agwire zida. Inangonena zimene aliyense ankadziwa koma osayerekeza kuzinena ngakhale kwa mkazi wake usiku: kuti olemera akulemererabe osauka akusaukirabe, malipiro ndi ochepa, ziphuphu ndi kukondera zachuluka, anthu akutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo pakamwa pa Amalawi pali loko. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo ndi mlandu. Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake anaitanidwa ndi apolisi n'kufunsidwa kwa maola ambiri. Malo osindikizira mabuku a Montfort ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, anatenthedwa. Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Ophunzira a ku Chancellor College anatuluka mumsewu kuikira kumbuyo maepiskopiwo, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi anaponya voti yosankha zipani zambiri.

Ine ndikaganiza za tsiku limenelo sindiganiza kwambiri za maepiskopi. Ndimaganiza za munthu amene anaima kutsogolo kwa tchalitchi cha kumudzi, pepala lili m'manja, akudziwa kuti pa benchi lachitatu pakhala tcheyamani wa chipani, n'kuwerengabe mpaka kumapeto.

Ndipo maepiskopiwo asanalankhule, panali ena amene mbiri yathu imawadutsa mofulumira chifukwa imatichititsa manyazi. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967. Mlandu wawo waukulu unali kukana kugula khadi la chipani, kakhadi kotsika mtengo kamene achinyamata a chipani ankafunsa pakhomo la msika ndi pokwera basi. Anamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, anachotsedwa ntchito, amayi anagwiriridwa, ena anaphedwa. Mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo ambiri anadzatsekeredwa ku Dzaleka, komwe lero kuli anthu othawa kwawo. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ine ziphunzitso zawo zambiri sindigwirizana nazo, ndipo ndivomere kuti akagogoda Loweruka m'mawa nthawi zina ndimauza ana kuti anene kuti ndachokapo. Koma anthu amenewa anataya minda ndi miyoyo chifukwa cha chinthu chimene akanatha kuchigula n'kuchibisa pansi pa mphasa. Ndipo amene ankawamenyawo sanali akunja. Ambiri anali obatizidwa, ndipo Lamulungu lotsatira ankaimba nawo nyimbo. Mipingo ikuluikulu inakhala chete.

Mwina wina anena kuti zimenezo zinapita, lero kuli ufulu, gawo 33 la malamulo a dziko likuteteza chipembedzo cha aliyense, ndiye Mkhristu alimbirenso mtima pa chiyani? Malo ake alipo, kungoti si amene timawafuna. Mu January 2016 ku Neno, mphezi itapha mtsikana, gulu la anthu linapha okalamba anayi powanena kuti ndiwo analenga mpheziyo. Nkhani ngati imeneyi siinathere ku Neno. Chaka ndi chaka timamva za gogo wina wogendedwa, nyumba yake kutenthedwa, kawirikawiri ndi adzukulu ake omwe. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma apolisi amafika moto utazima. Amene amakhalapo nthawi yomweyo ndi a m'mudzi momwemo, ndipo mudzi uliwonse uli ndi mkulu wa mpingo, tcheyamani wa mphakati, mtsogoleri wa kwaya. Pamenepo ndi pamene Yesu akufunika kutchulidwa mokweza, munthu ataima pakhomo la gogoyo, miyala ili m'manja mwa anthu amene amawadziwa maina. Pamenepo ndiye timasowa mawu. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi zina amene wayatsa motowo ndi mneneri amene usiku wathawo anauza wodwala kuti pali gogo wina kwanu amene wakhala pa nyenyezi yako.

Mtengo wa lero ndi wotero. Ndi kalaliki wokana kusaina pepala labodza, akudziwa kuti amusamutsira kudera kopanda magetsi. Ndi mayi wa m'tauni wolipira mtsikana wantchito malipiro ake onse pa tsiku lake, osamudula chifukwa cha kapu yosweka, ndi kumulola naye apite kutchalitchi m'malo momusiya akuchapa pamene banja lapita kukatamanda. Ndi mwini minibasi wouza kondakitala kuti anthu azikhala atatuatatu monga lamulo linenera, ngakhale ndalama ya tsiku ichepe. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimajambulika bwino pa Facebook.

Mipingo yathu ikanatha kuthandiza, chifukwa ili ndi chida chimene boma lilibe: mwambo. Koma taonani amene mwambowo umawagwera. Mtsikana wa Fomu 3 akapezeka ndi mimba, sabata siitha akuluampingo asanakhale pansi. Dzina lake lilengezedwa, adulidwa, akayambirenso kalasi. Mayi wamasiye wotcheza kachasu kuti apeze fizi ya ana, mwambo. Sindikunena kuti mpingo usamadzudzule zimenezi. Ndikufunsa kuti ndi liti pamene munamva akulengeza kuti bambo uje taamuimitsa mgonero chifukwa cha sikelo, chifukwa cha katapila, chifukwa cholanda munda wa ana amasiye a mchimwene wake, chifukwa chomanga nyumba zitatu ndi malipiro a kalaliki? Munthu wotereyu timamuika kukhala mlendo wolemekezeka, timamukhazika pa sofa kutsogolo, n'kumuombera m'manja akalengeza malata makumi asanu. Mimba imaoneka, inde. Koma nyumba zitatu nazonso zimaoneka, ndipo zimaonekera patali kuposa mimba. Mpingo umene uli ndi muyezo wina wa wosauka ndi wina wa wolemera uli ndi miyala iwiri m'thumba mwake, ngati venda uja.

Ndikudziwa yankho limene likubwera, chifukwa ndinalimva kale pakhonde la sitolo: tisaweruze, tonse ndife ochimwa. Zoona, ndipo ine wolemba ndili ndi zanga zimene sindingafune kuti zikolowekedwe pa sikelo pagulu. Koma mawu amenewa amatuluka nthawi yolakwika. Pokopa kasitomala munthu amati ndine mwana wa Mulungu. Akagwidwa ndi pamene amakumbukira kuti tonse ndife ochimwa. Sankhanipo chimodzi, bambo. Palibe amene anakukakamizani kugula penti. Yesu yemweyo amene pa Mateyu 5 anati nyale siibisidwa, pa Mateyu 6 anachenjeza za opemphera pamphambano kuti anthu awaone. Ena amati mawu awiriwa akutsutsana. Ine sindikuona kutsutsana kulikonse: chimene anati chionekere ndi ntchito zabwino, chimene anati chibisike ndi pemphero, kusala kudya ndi chopereka. Ife tinatembenuza. Pemphero tinaliika pa chimkuzamawu, chopereka timachilengeza ndi dzina ndi kuchuluka kwake, ntchito ndi zimene tinabisa mpaka kusowa.

Tsopano ndibwerere kwa bambo a taye aja, amene akufuna chikhulupiriro chitsekeredwe m'tchalitchi. Bambo, tsiku limene kwanu kudzagwe zovuta mudzaona amene adzayambe kufika. Bambo anga aang'ono atamwalira, tisanadziwe n'komwe poyambira, amayi a Mvano anali atafika kale, mabulauzi oyera, maduku oyera, wina wasenza nkhuni, wina kabeseni ka ufa wochokera m'nkhokwe yake yomwe. Anakhala ndi amayi aang'ono m'nyumba, anaimba usiku wonse kunja kukuzizira, m'mawa n'kukatunga madzi. Ena mwa iwo anali asanalankhulepo ndi malemuwo. Amayi a Dorika amachita zomwezo, amayi a Chikatolika zomwezo. Pitani kumalo ogona odikirira odwala pachipatala mukaone amene amabwera ndi sopo ndi phala. Zipatala za mipingo, zimene zili pansi pa CHAM, zimanyamula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito za umoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi kumene boma silinafike. Yunifomu yoyera ija nayonso ndi chikwangwani, koma mwini wake amachilipira ndi tulo, ndi ufa, ndi msana. Mukachotsa chikhulupiriro chotere mumsewu, simutsala ndi dziko lotukuka ayi. Mutsala ndi maliro opanda wophika. Ndipo pa nthawi ya kalata ya 1992 ija, amene ankafuna kuti ansembe asamale za kuguwa asiye za dziko anali a chipani.

Ngakhale mlaliki wa m'basi uja ndilibe naye mlandu waukulu. Amalankhula ndi pakamwa pake, amatsika pa Zalewa, ndipo wosafuna kumva amayang'ana pawindo. Amene ndili nawo mawu ndi a mapemphero a usiku wonse amene amaloza masipika kunja, m'kati muli anthu khumi ndi awiri, pamene kukhomo loyandikana kuli mwana wolemba mayeso a Fomu 4 ndi namwino woyenera kudzuka 4 koloko. Mulungu si wogontha, ndipo mnansi amene wagona ndi pilo kumutu sakutembenuka mtima. Komanso amene akufuna ufulu wovala mtanda pakhosi asamachite tsinya mwana wa mnzake akavala hijabu. Mkangano wa ku Mmanga ku Balaka mu 2019, pamene atsikana achisilamu analetsedwa kulowa m'kalasi atafunda kumutu pa sukulu ya mpingo, unafika pa ziwawa mpaka bungwe la atsogoleri a zipembedzo la PAC kulowererapo. Msewu umene tikulalikiramowu si wathu tokha.

Choncho sindikupempha aliyense kuti afufute vesi pakhoma. Ndikupempha ife ogula, ife okwera, ife ovota, kuti tisiye kuzyolika ngati azakhali anga. Munthu akalemba dzina la Mulungu pa malonda ake walonjeza pagulu, ndipo lonjezo la pagulu limafunsidwa pagulu. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Kondakitala akakupanikizani anayianayi pansi pa sitika yotamanda Yehova, mulozereni sitikayo. Phungu akabwera ndi simenti, mulandireni, kenako mumufunse pomwepo za mlatho umene ndalama zake zinatuluka koma mtsinje tikuwolokabe ndi miyendo. Akakuuzani kuti mukunyoza Mulungu, musapepese. Amene wanyoza si wofunsa sikelo.

Chaka chino azakhali anapitanso kukagulitsa soya, ndipo pangolo anakwezapo chigubu chawochawo, chodzaza mpaka pakamwa, chingwe chomangiratu. Venda uja atachiona akutsitsa, anati tsiku limenelo sakugula, ndalama zamuthera. Anakagulitsa kwa mnyamata wina wa pansi pa mtengo wa mango, wopanda sitolo, wopanda wayilesi, amene sikelo yake inaloza pa 20 ndi kachidutswa. Pobwerera anadutsanso pa sitolo ija. Vesi ikadalipo, ndipo aipakanso penti yatsopano.